Sopo amene ndinabisa m'denga

Madzi amene anapha mng'ono wanga sankafika ngakhale m'mawondo. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa anthu akamva kuti munthu wa pa Likoma anafera m'nyanja amafulumira kuganiza za mwera, kapena za bwato logubuduka pakati pa ife ndi tsidya. Ayi ndithu. Tsiku limenelo kunali bata, dzuwa lili pamutu, ndipo azimayi amene anaona zonse analipo okwana kukoka khoka la nsomba.

Kwathu ndi ku Yofu. Mwa ana onse amene amayi anabereka tinakula awiri okha, ine ndi iyeyo, ndipo ndinkamuposa ndi zaka zitatu. Atate anali ku Joni. Tinkawadziwira m'makalata ndi m'mabulangete obwera pa sitima, moti pakhomo tinali akazi okhaokha. Ine ndinali mwana wonyada, ndivomere ndekha ena asanandinenere. Ndinkayenda ngati ndasenza mtsuko wodzaza, nsalu yosakwinyika, poseka n'kumaphimba pakamwa. Mng'ono wanga anali wosiyana nane kutalitali. Anali wolongolola, ndipo ankatha kutsanzira munthu aliyense pachilumba, kuyambira kayendedwe ka ansembe mpaka katsokomoledwe ka nkhalamba zosoka maukonde. Ine ndinkamukalipira nkhope nditakwinya, kwinaku nthiti zikuwawa ndi phwete.

Matenda akugwa anamuyamba atangochira malungo aakulu, nkhondo ya azungu ili pafupi kutha. Tinali kuseri m'mpanda tikuyanika chinangwa pathandala, iye n'kuima, n'kuyamba kununkhiza m'mwamba.

"Achemwali, akupsereza usipa ndani?"

Panalibe wootcha usipa m'mawa umenewo. Ndisanamuyankhe anakuwa kamodzi, mawu amene sanali ake, n'kugwa chagada pafupi ndi mafuwa. Manja anauma, maso anatembenuka, kenaka thupi lonse linayamba kuphupha, thovu likutuluka kukamwa. Amayi anatuluka m'nyumba akuthamanga. Choyamba chimene anachita ndi kundigwira ine pamkono n'kundikokera kutali, atanditseka mphuno ndi nsonga ya nsalu yawo. Chachiwiri anatseka chitseko cha mpanda. Atatero m'pamene anatenga munsi n'kuyamba kumukankha nawo mwana wawo kuti atalikire moto, misozi ili chuchuchu.

Musawaweruze amayi anga. Tonse tinakula tikudziwa kuti matenda a khunyu amayenda m'thovu. Ukakhudza thovulo, kapena ukapuma mpweya umene wodwala watulutsa ali chigwere, basi nawenso watenga. Palibe anatikhazika pansi kutiphunzitsa zimenezi. Zinkangodziwika, monga zimadziwikira kuti moto umawotcha.

Pachilumba nkhani ikaphulika ku Yofu m'mawa, masana imakhala yafika kale ku Mbungo itamera nyanga. Ndipo ine ndinali pa chitomero. Mnyamata wake anali wa m'mudzi mwathu momwemo, ankagwira ntchito m'sitolo ku Halale, ndipo amayi ake, apongozi anga amtsogolo, ndiwo ankalamulira padooko la azimayi. Anali mayi wamtali, wosaseka wamba, woti akakuyang'ana unkakumbukira machimo ako onse. Kubanja la khunyu anthu sankakwatirako. Choncho amayi anatilumbiritsa kuti za m'mpanda zizithera m'mpanda. Ngakhale atate ku Joni sitinawalembere.

Kubisako kunatheka chifukwa cha fungo lija. Nthawi zonse linkayamba kubwera ndilo, n'kumupatsa kanthawi kochepa kothawira kuseri kwa thanthwe kapena m'munda wa chinangwa. Ine ndinkamutsatira n'kuima chapatali, ndipo wina akafunsa ndinkati wapita kutchire. Iye ankazisandutsa nthabwala. Ankati Mulungu anamulakwira pomupatsa chenjezo la usipa m'dziko limene aliyense amanunkha usipa.

Chimene chinatitulutsa m'mpanda ndi bala. Tsiku lina anagwa mkono uli pamoto, ndipo munsi unachedwa. Masiku anayi tinaikapo masamba, bala likungonunkha, mpaka amayi anagonja n'kutiuza kuti tipite kuchipatala ku Chipyela. Iwo sanapite nawo, manyazi. Anangotipangira kuti tikanene kuti wadzithira phala.

Kumeneko tinapeza anamwino, mayi wamasiye wa ku Mbungo amene anaphunzira ntchito kwa adona achizungu kuyambira ali mtsikana. Anali wonenepa, woyenda pang'onopang'ono, kachipewa koyera kali pamutu, koma lilime linali lakuthwa. Anamasula sanza, nayang'ana balalo nthawi yaitali.

"Phala la kwanu mumaphika ndi makala omwe?" anatero. "Munthu wamaso akagunda moto amathawa. Uyu anagonapo. Wagwa kangati?"

Mng'ono wanga ndiye anayankha, akuyang'ana pansi, kuti sawerenga chifukwa iye sakhalapo zikamachitika. Anamwino anaseka mpaka kachipewa kanagwedezeka. Atamumanga bala anamusiya pabenchi, ine n'kundilowetsa m'kachipinda kosungiramo nsalu zochapa. Anatenga mpeni, nadula kachidutswa ka sopo, naluma pang'ono, natafuna. Kenaka mayi wamkulu kuposa amayi anga, wolemekezeka pachilumba chonse, anadziponya pansi pa simenti n'kuyamba kuphupha, thovu likutuluka kukamwa.

Ndinakakamira kukhoma. Ndinkadziwa bwinobwino kuti ndi sopo, ndinaona ndi maso anga akumudula, komabe dzanja langa linapita lokha pamphuno.

"Ukuyang'ana chiyani?" anakuwa ali pansi pomwepo. "Ndikupsa ine! Ndikumira! Gwada, iwe mchikana. Janja lina paphewa, lina pachiuno. Chopano kokera kwa iwe."

Anali wolemera ngati thumba la mchere. Anandibwereza kasanu, chagada, chafufumimba, mpaka thukuta linandilowa m'maso. Atakhala tsonga n'kulavula sopoyo anandiuza zotsala, ndipo sizinali zambiri. Kumuchotsa pamoto kapena m'madzi. Kumugoneka cham'mbali kuti thovu lizitsika lokha. Kuika nsalu kumutu, osamupanikiza, osamumwetsa kanthu. Kenaka kudikira. Ndipo akatsitsimuka kumulankhula motsitsa mawu, chifukwa munthu wotere amadzuka ndi manyazi aakulu kuposa mutu umene ukumuwawa.

Ndinafunsa za thovu. Anati alipukuta ndi manja kuyambira ndisanabadwe, nanga ndinamva kuti anagwapo? Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Koma ulendo wachitatu wokatsukitsa bala, matenda anamugwira mng'ono wanga pakhonde la kuseri kwa chipatala, tili atatu. Anamwino anaima poteropo manja ali m'chiuno, kundisiya kuti ndimutembenuze ndekha. Nditatero anawerama, napukuta thovu ndi chikhatho, ndipo ndisanazindikire anandipaka nalo pamkono.

"Pita ukagwe," anatero. "Ukagwa ubwere undiuze."

Ndinatsikira kunyanja ndikulira, ndipo ndinakwecha mkonowo ndi mchenga mpaka unatuluka magazi. Sabata yonse ndinkadikira fungo la usipa. Sabata yachiwirinso. Palibe chinachitika, ndipo kuyambira pamenepo munsi unabwerera ku ntchito yake ya mumtondo. Mng'ono wanga akagwa ndinkamugwira ndi manja, mutu wake uli pamiyendo panga. Amayi ankaima pachitseko cha mpanda akupemphera, osayandikira, koma sankandikokanso.

Anamwino anatipatsanso mankhwala a m'botolo, amchere, omwa m'mawa ndi madzulo, oti tizikatenga mwezi ndi mwezi. Anamubweretsera ziphuphu kumaso ndi tulo tamasana, koma kugwa kunachepa. Lamulo linali limodzi lokha: asalowe m'madzi popanda munthu wodziwa. Kunena n'kosavuta. Mkazi wa pachilumba moyo wake wonse uli m'madzi, kutunga, kuchapa, kusamba, kutsuka mbale, ndi kuviika chinangwa m'maiwe otchinga ndi miyala m'mbali mwa nyanja. Munthu wodziwa ndinali ine ndekha, choncho kumene iye wapita ine ndinali pambuyo.

Bala litapola anamwino anandiitanira m'kachipinda kaja kachiwiri. Anadula sopo wina, wamkulu ngati zala ziwiri, nandifumbatitsa.

"Iwe ndiwe munthu mmoji," anatero. "Umadwala, umapita kumunda, mawa ukwatiwa. Padooko la kwanu pamakhala azimayi angati? Onsewo ali ndi manja. Ukagone pamchenga monga ndinagonera ine, akutembenuze mmoji mmoji. Kuwauza ndi pakamwa sikuthandiza, munthu amajiwa chimene manja ake achita. Ngati ukuopa, ndibwera ndekha ku Yofu."

Nditawafotokozera amayi, anagwira kumutu. Anati anamwino akangoponda padooko la Yofu n'kugona pamchenga, ndani sadziwa kuti m'mudzi muli wakhunyu, ndipo ndani sadziwa nyumba imene yakhala ikupondaponda njira ya ku Chipyela? "Ukufuna mng'ono wako azimuloza chala? Ukufuna ukwati wako ufere m'mazira?" Ndinabwerera kwa anamwino n'kuwauza kuti asavutike ndi ulendo, ndichita ndekha. Sopo uja ndinamukulunga m'kansanza n'kumusomeka m'denga, pamwamba pa chitseko.

Ndikanatha kunena kuti amayi ndiwo anandiletsa, n'kupumira pomwepo. Koma amayi sankapita nafe padooko tsiku lililonse, ndipo ndikanafuna ndikanachita. Chimene chinandigwira miyendo ndi ichi: ndinkadziona ndili gone pamchenga, miyendo ili m'mwamba, nsalu itayalulika, thovu lili kukamwa, apongozi anga ataima pamwamba panga ndi maso awo aja. Ine, woyenda ngati ndasenza mtsuko! Mwezi uliwonse pokatenga botolo anamwino ankafunsa kuti, "Sopo uja watha?" Ine ndinkati nyanja yakhala yoipa, azimayi sakusonkhana. Mwezi wina ndinkati kuli maliro. Mwezi winanso ndinkati mawa. Iwo ankapukusa mutu n'kunena kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, ine n'kumaseka nawo ngati akunena wina.

Mng'ono wanga ankadziwa za sopoyo ndipo ankandinyodola nazo. Tsiku lina amayi ali kumunda anati, "Achemwali, mugona liti pamchenga? Yambani mwandionetsa ine. Pakhomo pano ndine ndekha amene sindinaonepo, chonsecho mwini gule ndine."

Ndinatseka chitseko n'kumuonetsa, popanda sopo. Ndinagwa, ndinauma, ndinatembenuza maso, ndinaphupha monga ndinkamuonera. Ndinkayembekezera kuti aseka, poti kutsanzira anthu inali ntchito yake. Nditadzuka ndinamupeza atakhala pamphasa, manja atafumbata mawondo.

"Ndimakhala chonchi?"

"Pang'ono chabe. Ndawonjeza."

"Simunawonjeze. Nanga nsalu?"

"Ndimakuphimba."

Anakokera nsalu yake kuphimba mawondo. Kenaka anati, "Musakachite zimenezi padooko, achemwali. Akamandiona, m'maso mwawo muzikhala zimenezi."

Mawu amenewo ndinawalandira ndi manja awiri. Anali mwana wamantha amene wangodziona koyamba, ndipo ine mkulu wake ndinayenera kumusiya agone, m'mawa n'kumuuza kuti bola akuone chonchi kusiyana n'kuti akuonerere ukufa. Sindinatero. Ndinasangalala mumtima kuti tsopano ndapeza pobisala, mwini matenda wakana yekha. Pa zonse zimene ndachita m'moyo wanga, chisangalalo chimenecho ndicho chimandiwawa kwambiri.

Zaka ziwiri zinapita bwino. Nthawi zina miyezi itatu inkatha osagwa, ndipo tinayamba kuiwala. Anamwino anatopa n'kufunsa za sopo, kapena ankaganiza kuti ndinachita. Kenaka mnyamata wanga anatsika sitima ndi sutikesi ndi nsapato zolira, ndipo ukwati unalengezedwa m'tchalitchi. Pakhomo panali piringupiringu. Tinakumba chinangwa chambiri, tinasenda mpaka zala kuchita matuza, n'kukachiviika padooko kuti pakhale ufa wa kondowole wokwana alendo onse.

Chinangwa choviika chili ndi tsiku lake. Ukachivuula msanga chimawawa, ukachedwa chimasungunuka m'madzi momwemo. Tsiku lake linagundana ndi limene ansembe anatiitana ku Chipyela, ine ndi mnyamata wanga, kuti akatilangize za ukwati. Amayi anali atawolokera tsidya m'mamawa ndi bwato la nkhuni, poti pachilumba nkhuni zophikira ukwati sungazipeze. Ndinamuuza mng'ono wanga kuti akhale pakhonde azisankha mpunga, chinangwa tikavuula limodzi ndikabwera. Anandiyankha potsanzira kayendedwe ka mnyamata wanga ndi nsapato zake, ndipo ndinatuluka pakhomo ndikuseka.

Zotsatirazi ndinazitolera pambuyo pake, uyu pang'ono uyu pang'ono. Dzuwa litakwera, apongozi anga anadutsa pakhomo ndi azimayi ena atasenza madengu. Anabwera ndi mtima wabwino, kudzathandiza mpongozi wawo.

"Iwe mchikana, chinangwa cha ukwati wa mkulu wako chiwolere m'maji iwe uli khale pakhonde? Tiye."

Akanayankha chiyani? Mwana sakanira munthu wamkulu popanda chifukwa, ndipo chifukwa chakecho tinali titachikwirira ndi manja athu. Akanati mutu ukuwawa, akanamuona waulesi wosafunira mkulu wake zabwino. Anatenga dengu n'kuwatsatira.

Akuti anagwira ntchito bwino, akuimba, mpaka kuwaseketsa apongozi anga osaseka aja. Ali chiweramire m'madzi anaweramuka n'kufunsa kuti akupsereza usipa ndani. Azimayi anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala ina. Anayamba kutuluka m'madzi msangamsanga, koma pansi panali miyala yoterera ndipo panalibe thanthwe lothawirako. Anakuwa kamodzi n'kugwa chafufumimba, mapazi atatu kapena anayi kuchoka pamchenga wouma.

Wina anathamangira kuti amugwire. Atayandikira anaona thupi likuphupha ndi thovu likuyandama pamadzi, nakuwa kuti, "Khunyu! Gwirani mphuno!" Onse anatuluka m'madzi n'kuthawira kumtunda, amene anali ndi ana akukoka ana awo. Sanamusiye, ayi. Ankalira, ankamuitana, ankamupempha kuti adzuke. Wina anathamangira kumudzi kukaitana amuna, koma amuna anali panyanja. Wina anakazula nsungwi pathandala la usipa. Ndi nsungwi imeneyo anakola nsalu yake n'kumukokera kumtunda, atatu akuthandizana, dzanja lina lili pamphuno. Pamene ankafika naye pamchenga anali atasiya kale kuphupha.

Ine ndinamva kulira ndili pamtunda, pamilambe pamene njira ya ku Chipyela imayamba kutsetserekera ku Yofu. Ndinangomva kumene kukuchokera, n'kudziwa. Ndinamusiya mnyamata wanga panjira ndi nsapato zake.

Ndinamupeza ali chafufumimba pamchenga, azimayi atamuzungulira patali, nsungwi ili pambali pake. Palibe anali atamukhudza. Ndinagwada. Dzanja lina paphewa, lina pachiuno, n'kukokera kwa ine. Anatembenuka mosavuta, anali wopepuka kutali kuposa anamwino. Madzi anatuluka m'kamwa ndi m'mphuno. Ndinamuchotsa mchenga kumaso, ndinavula mpango wanga n'kumuikira kumutu, ndinamukonza nsalu. Kenaka ndinadikira monga anandiphunzitsira, ndikumulankhula motsitsa mawu kuti akadzuka asachite manyazi. Ndinamuuza kuti palibe waona. Sindidziwa ndinadikira nthawi yaitali bwanji.

Nditazindikira kuti sadzukanso ndinaimirira, ndipo ulemu wonse umene ndinausenza zaka zonsezo ndinautaya pomwepo. Ndinawatukwana azimayi aja, akuluakulu omwe. Ndinawafunsa kuti analipo angati, manja analipo angati, madzi ankafika pati. Ndinaloza apongozi anga chala, chinthu chimene mkazi sachita. Iwo sanakalipe. Anangoti, "Mwananga, ifenso tili ndi ana. Thovu lija linali ponseponse pamaji. Tikanatani?"

Yankho la funso limenelo linali ndi ine, ndipo linali m'denga la nyumba yathu chaka chachitatu. Iwo anachita zimene anachita amayi ndi munsi, zimene ndinachita ine pokakamira kukhoma la kachipinda kaja. Kusiyana kwake n'kwakuti ine wina anandigonera pa simenti.

Amayi anafika ndi bwato la nkhuni maliro ali kale m'nyumba. Azimayi amene amasambitsa maliro m'mudzi mwathu anaima panja akuyang'anana. Anamwino anabwera wapansi kuchokera ku Chipyela ndi thupi lawo lolemera lija, nalowa, napinda manja a diresi. Tinamusambitsa atatu, iwo, amayi ndi ine. Amayi anagwira nkhope ya mwana wawo ndi zikhatho zonse ziwiri, akupukuta pakamwa paja pamene sanapakhudze zaka zitatu, n'kumangobwereza kuti tinabisa matenda, maliro atiulula. Anamwino sanafunse za sopo. Ndinkafuna afunse, andikalipire, andimenye kumene. Anangondipatsa nsalu yopukutira kuti ndigwire mbali ina.

Atate analandira kalata imodzi yowauza zinthu ziwiri pamodzi, kuti mwana wawo ankadwala, ndi kuti wamwalira. Chinangwa chija palibe anakachivuula, chinasungunukira m'madzi momwemo. Ukwati unachitikabe chaka chotsatira, ndipo palibe wa kuchimuna anatchulapo za khunyu, ngakhale kamodzi. Ndinakhala m'banjamo mpaka mwamuna wanga anamwalira ali nkhalamba. Chimene ndinkachiteteza sichinali pangozi n'komwe, kapena chinali koma maliro anachiwombola, sindidziwa. Zonse ziwiri n'zowawa.

Koma ndisadumphe. Titameta maliro, m'mawa wina amayi atapita kumunda, ndinakwera pamtondo n'kupisa dzanja m'denga. Sopo uja analipo, atauma gwa, atang'aluka, makoswe atamuluma mbali imodzi. Ndinatsikira naye padooko nthawi imene azimayi amachuluka. Chichitikire ngozi anali atasuntha malo ochapira pang'ono, pamalo paja akumapalambalala. Ndinawapitirira, ndinalowa m'madzi pamalo pomwepo, ndinaluma sopo, ndinatafuna mpaka thovu linadzaza m'kamwa. Kenaka ndinakuwa n'kudziponya chafufumimba.

Ndinamva madengu akugwa ndi mapazi akuthawa. Wina anakuwa kuti watengera kwa mng'ono wake. Ndinaphupha, nsalu inayalulika, madzi anandilowa m'mphuno. Mpweya utandithera ndinadzutsa mutu n'kukweza dzanja m'mwamba kuti onse aone chimene ndafumbata.

"Ndi sopo uyu," ndinatero, ndikutsokomola. "Sopo wa kuchipatala. Thovu la mng'ono wanga ndalipukuta ndi manja awa zaka zitatu, ndipo sindinagwepo. Ndinajiwa chochita, sindinakuuzeni. Chopano ndigonanso. Wina abwere anditembenuze."

Ndinagona, tsaya lili m'madzi, diso limodzi likuona miyendo yawo ili ndandanda kumtunda. Palibe anasuntha. Sopo ankandiwotcha lilime. Ndinaganiza kuti ndikhala pomwepo mpaka dzuwa lindipsereze msana, sindidzuka ndekha. Patapita nthawi miyendo iwiri yaitali inachoka pamzere, inatsika pang'onopang'ono, inalowa m'madzi. Anali apongozi anga. Anagwada pambali panga, akupuma ngati akwera phiri.

"Ndigwire pati?"

"Janja lina paphewa, amayi. Lina pachiuno. Kokerani kwa inu."

Anali manja a mkazi wozolowera munsi ndi khasu. Anakoka kamodzi kokha, ndipo nkhope yanga inatuluka m'madzi.

"Chopano nditani?"

"Ikani mutu wanga pamiyendo panu, maji asandifike pakamwa. Mujingodikira."

Anandiika pamiyendo pawo. Thovu la sopo linayenderera pansalu yawo, iwo akuliyang'ana.

"Kenaka?"

"Basi."

"Basi?" anatero. "Ndi zomwezi basi?"

"Ndi zomwezi, amayi."

Anayang'ana manja awo, mkati ndi kunja. Anayang'ana mchenga wouma umene unali mapazi anayi kuchoka pamene tinali. Kenaka mayi amene ndinkamuopa kuposa munthu aliyense pachilumba anakhala pansi m'madzi momwemo, natsegula pakamwa, nalira maliro a mng'ono wanga kuposa mmene analirira tsiku loika. Kumtunda ena anayamba kulira nawo. Inenso ndinalira, mutu uli pamiyendo pawo, sopo akundilowa m'maso.

Sopo anali akadalipo wokwanira. Ndinalumanso, ndinagona chafufumimba, n'kuitana wotsatira.